Mukuti boma lisalipire odwala, nanga ndani akulipira manje?

Nkhani ya ndani ayenera kulipira munthu akadwala siitha kuno kwathu. Mukaiyamba mu minibasi yopita ku Katete ena amatsika pa Mtenguleni akali kukamba, ena mpaka kupitirira siteji yawo. Ine mbali yanga ndi yodziwika, boma liyenera kunyamula katundu ameneyu, koma osati momwe zikuyendera lero ayi.

Amene anditokosa kuti ndilembe ndi alamu anga, ndi aphunzitsi, munthu wabwino ndithu koma akaona payslip amasanduka wina. Akuti, "Mlamu, taonani apa. PAYE adula, penshoni adula, yunioni adula, NHIMA adula. Ine ndidwala kamodzi pa chaka, ka chimfine chabe. Nanga ndilipirire chifukwa chiyani anthu amene sasonkha olo ngwee imodzi? Aliyense azidzionera yekha." Ndipo si iwo okha, ambiri ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani kuno ku Chipata amaganiza choncho, kungoti sakamba pa gulu.

Tiyambe ndi ndalama yeniyeniyo. Lamulo la National Health Insurance, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma imene NHIMA imayendetsa, linakhazikitsidwa mu 2018, kudula kunayamba mu 2019, ndipo amadula 1% ya basic, abwana nawonso amaikapo 1% ina. Ndiye ngati basic yanu ndi K5,000, inu mwapereka K50, akulembani ntchito aja K50. Pa K50 imeneyo mumalembetsa akazi anu kapena amuna anu ndi ana. K50 alamu angawo amaithera pa talk time sabata isanathe, koma imeneyo sawerengera.

Koma chimene ndifuna kukamba kwenikweni si K50 ayi. Alamu omwewa amene akuti aliyense adzionere yekha, azakhali athu akumudzi atapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndiwo anali oyamba kutsegula gulu la pa WhatsApp. Mukudziwa momwe zimakhalira, wina amalemba mndandanda wa mayina, kutsogolo kwa dzina lililonse ndalama imene walonjeza, amene watumiza amamuikira kachizindikiro kobiriwira, amene sanatumize dzina lake limangokhala mbee aliyense akuliona, kenaka madzulo uthenga uja, "Abale tikukumbutsana chabe, basi ndi ya mawa 04 hours." Chipatala chachikulu cha khansa, Cancer Diseases Hospital, chili ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500 pa Great East Road. Wodwala sapita yekha, pafunika womudikirira. Awiriwo adye, agone kwa m'bale ku komboni amene naye nyumba yake ndi ya zipinda ziwiri, akwere basi kupita ndi kubwera pa tsiku lililonse la ma review. Ndalama ya pa gulu itatha atsibweni anagulitsa ng'ombe yolimira, mwezi wa November mvula ili pafupi, ndipo wogula akadziwa kuti pakhomo pali matenda mtengo amatchula ndi iye, inu mumangoti zikomo. Mwana wawo wina anakatenga kaloba, K500 kubweza K750 pakutha pa mwezi. Chaka chimenecho munda analima theka.

Ndiye ndimawafunsa alamu kuti, pamenepa simunalipirire munthu amene sasonkha? Munalipira, ndipo munalipira zambiri kuposa zimene amakudulani chaka chonse, munalipira mwadzidzidzi, pakati pa mwezi, matenda atakula kale. Kuno kulibe munthu amene amadzionera yekha. Ukakhala pa ntchito ndiwe inshuwalansi ya mbumba yonse, ufune usafune, foni idzalira basi. Ndiye za kuthandizana kapena kusathandizana tisatayirepo nthawi, tikuthandizana kale. Chimene tiyenera kukangana ndi chakuti tisonkhe mwadongosolo matenda asanabwere, tonse dziko lonse, kapena tipitirize kusonkha banja ndi banja munthu ali kale pa bedi. Ndipo njira ya banja ndi banjayi ili ndi nkhanza yake, banja limene lilibe mphunzitsi, lilibe nesi, lilibe mwana ku Lusaka kapena ku Copperbelt, gulu lawo la WhatsApp mukhala ndani? Amenewo ndi aja amangobwerera kumudzi nkukadikira.

Zoti wodwala azilipira yekha tinaziyesa kale, achinyamata mwina sadziwa. Nthawi ya a Kaunda chipatala chinali chaulere. Boma la a Chiluba litalowa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anabweretsa ma user fee, kuti wodwala azilipira pa chipatala, nthawi yomwe ija ya structural adjustment. Funsani amayi anu momwe zinalili, mwana watentha thupi usiku koma mayi akuwerenga kaye ndalama, nkuti tione mawa mwina kuzizira, ndipo malungo kwa mwana sadikira mawa. Mu 2006 a Mwanawasa anachotsa malipiro aja m'makiliniki a kumidzi, ngongole zambiri za dziko zitangokhululukidwa, ndipo mu 2012 nthawi ya a Sata anachotsa pa chithandizo choyambirira m'dziko lonse. Amene akufuna tibwerere kumeneko andiuze kaye kuti chasintha nchiyani m'thumba la mlimi wa ku Chadiza kapena ku Vubwi.

Ena amati zaulere zimabweretsa ulesi. Pa zinthu zina tingakambirane, koma pa matenda ayi. Ndani amadzuka 05 hours kukakhala pa benchi ya kiliniki mpaka masana chifukwa choti jekeseni ndi yaulere? Palibe amene amadwala BP dala kuti adyerere boma.

Komano apa ndiyenera kuvomereza, alamu ali ndi mfundo imodzi imene sindingaithawe. Amati, "Chabwino mlamu, ndisonkhe, koma mankhwala ali kuti?" Ndaperekezapo ambuya anga ku kiliniki ina kuno, sinditchula dzina. Kabuku kawo kaja ka exercise kodula pakati kali m'manja, ayezedwa bwinobwino, a clinical officer aulemu ndithu, alemba. Kufika pa windo la mankhwala mtsikana uja wangoyang'ana kabuku, wapereka Panado m'kapulasitiki, nkulemba kapepala kena, "Ambuya, awa a BP kulibe, mukagule ku chemist." Ambuya anangopinda kapepala kaja nkumanga pa nsonga ya chitenje. Ndikanapanda kukhalapo ine kakanakhala pomwepo mpaka kufufutika. Ndiye chaulere chimene chimathera pa kapepala chimapweteka kawiri, munthu walipira njinga kubwera, wataya tsiku la kumunda, mankhwala akagulabe yekha.

Ndipo sikuti nthawi zonse vuto ndi kusowa ndalama. Mu May 2025 kazembe wa America ku Zambia, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lawo lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pa chaka chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala amene anapatsidwa kuti anthu alandire ulere, nkumapezeka akugulitsidwa m'ma pharmacy. Zinatichititsa manyazi tonse. Koma taonani, wakuba akaba mankhwala yankho lake ndi kumugwira wakubayo, osati kuuza ambuya kuti kuyambira lero muzilipira. Ndipo nkhani imeneyi inationetsanso china, kuti mbali yaikulu ya mankhwala amene timati ndi a boma, makamaka ma ARV amene akhala aulere kwa zaka pafupifupi makumi awiri, ndi a malungo ndi TB, yakhala ikudalira ndalama za kunja monga PEPFAR ndi Global Fund. Chaka chomwecho cha 2025 a Trump atayimitsa thandizo lakunja, anthu ambiri amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku tulo sanaone. Moyo wa m'bale wako kudalira chisankho cha ku Washington, zimenezo ndiye zondiopsa ine kuposa 1% ya pa payslip. Atsogoleri a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti 15% ya bajeti izipita ku zaumoyo, ife zaka zambiri timakhala pansi pa pamenepo, ngongole zimadya kaye.

Zabwino ziliponso, tisamangodandaula. Mu 2022 boma linalemba ntchito anthu a zaumoyo opitirira 11,000, ndipo m'ma health post ena mmene munali munthu mmodzi wochita zonse munaonjezeka anthu. Zipatala za mishoni monga St Francis ku Katete, Mwami kufupi ndi boda, Nyanje, zimene anthu kuno amazikhulupirira kwambiri, nazonso antchito ambiri kumeneko malipiro awo amachokera ku boma. Ndiye amene amati boma lichokemo m'zaumoyo, a mishoni achite okha, sadziwa kuti boma lili kale mkati mwa mishonimo.

Vuto langa lalikulu ndi momwe inshuwalansi yathu anaipangira. Anaimanga mozungulira payslip, pomwe kuno ku Eastern anthu a payslip ndi ochepa. Ambiri ndi alimi a chimanga, nshawa, soya, sunflower, thonje, fodya, ena ndi amayi a pa Kapata market, ena anyamata a njinga. Inde amaloledwa kulembetsa nkumalipira okha mwezi ndi mwezi, koma mlimi ndalama saiona mwezi ndi mwezi. Amaiona akagulitsa, kuyambira cha mu May mpaka August, kapena FRA, bungwe la boma logula chimanga, ikalipira. January ndi February, nthawi imene udzudzu wachuluka ndipo nkhokwe yapepuka, m'thumba mulibe kanthu. Kumuuza munthu ameneyu kuti azikumbukira kutumiza ndalama pa foni mwezi uliwonse ndi kusamudziwa. Koma mlimi yemweyu K400 ya FISP, ija ya fetereza wotsika mtengo wa boma, amaipeza chaka chilichonse, chifukwa imabwera kamodzi, amadziwa nthawi yake, ndipo amaona matumba a fetereza ndi maso. Bwanji zaumoyo osazichita chimodzimodzi, kulipira kamodzi pa chaka nthawi yokolola, kudzera m'ma cooperative omwe alipo kale? Amayi a village banking amasunga mabuku abwino kuposa maofesi ena, angatolere bwinobwino.

Nanga amene sangathe ngakhale kamodzi pa chakako? Agogo olera ana amasiye, olumala, onse amene ali pa Social Cash Transfer, boma linawalemba kale mayina, likuwadziwa, liwalipirire onse kuchokera ku misonkho, nkhani ithe. Kupatsa agogo kandalama ka welfare kenaka kandalama komweko nkukathera ku chemist, ndiye kuti boma langotumiza ndalama kwa mwini chemist kudzera mwa agogo. Ku Ghana anayamba inshuwalansi yawo mu 2003 ndipo mbali yaikulu ya ndalama imachokera pa 2.5% imene anaika pa katundu ndi ntchito zolipira VAT, kuti aliyense wogula asonkheko, osati a payslip okha. Nawonso ali ndi mavuto awo, kuchedwa kulipira zipatala ndi zina, koma nzeru yake ndiyomveka. Ndipo apa mpomwe alamu amalakwitsa akamati akumudzi sasonkha olo ngwee. Akagula sopo, talk time, malata, mowa wa m'botolo, msonkho uli momwemo, kungoti iwo alibe pepala lowaonetsa kuti adulidwa zingati.

Chimodzi chimene tingayambe nacho osadikira Lusaka ndi ichi. Makiliniki ali ndi ma Neighbourhood Health Committee, anthu a m'mudzi momwemo. Galimoto ya mankhwala ikabwera kuchokera ku ZAMMSA, bungwe la boma logawa mankhwala, kapena ku district, mndandanda wa zimene zatsitsidwa umatidwe pa chitseko, tsiku lake ndi kuchuluka kwake, a komiti asaine, anduna a mfumu aone. Mankhwala a malungo a Coartem akatha patangopita masiku ochepa anthu adzafunsa kuti wapita kuti, ndipo ngati sanabwere nkomwe adzadziwa kuti wofunsidwa si nesi wa pa windo koma akuluakulu. A kansala ndi a MP akabwera ndi nkhani za CDF, ndalama zija za chitukuko cha m'constituency, tiwafunse za pepala limeneli asanayambe kutionetsa chithunzi cha nyumba yatsopano ya maternity.