Mtundu Umene Unabisala Pansi pa Boneti ya Peugeot 404 ya Amalume

Amalume anga atamwalira, banja linagwirizana kuti vaneti yawo, Peugeot 404 ya chaka cha 1973, ibwere kwa ine, chifukwa ndine ndinkawapatsira masipanala kuyambira ndili mnyamata. Inali itaima zaka zisanu ndi chimodzi pansi pa mtengo wa mango kumudzi kwathu, kufupi ndi msewu wa ku Chadiza, ndipo tinachita kuikoka ndi thirakitala mpaka ku Kapata kumene ndimakhala. Kunja kwake sikunandidetse nkhawa kwenikweni, pakuti penti wowauka ndi dzuwa ndi zitseko zopindika ndi zinthu zimene aliyense wowongola magalimoto muno mu Chipata amazidziwa. Chimene chinandipweteka mtima ndi zimene ndinaona nditatsegula boneti. Zonse zinali zakuda bii: makoma a chipinda cha injini, mawaya, mapaipi a madzi, kabuleta, ngakhale kachitsulo kolembedwa nambala ya galimotoyo. Zaka zambiri zapitazo wina anatenga bulashi ndi chitini cha penti wa pamageti, n'kupaka chilichonse chimene dzanja lake linafikapo osamasula bawuti ngakhale limodzi.

Chizolowezi chimenechi n'chofala kwathu kuno, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake. Penti wakuda ndi wotchipa, sachedwa kupezeka, komanso amabisa zambiri. Koma kubisako ndiye vuto lake. Oyilo akamadontha pa chitsulo chakuda simumuona mpaka atadikha pansi, ndipo dzimbiri likamadya kunsi kwa penti wokhuthala mumalizindikira chitsulo chitabooka kale. Ku fakitale ya Peugeot ku Sochaux, m'dziko la France, thupi lonse la galimoto linkapakidwa penti injini isanalowe, motero chipinda cha injini chinkakhala ndi mtundu umodzimodzi ndi kunja. Ndinatsimikiza mtima kuti ndibwezere mtundu umenewo, osati pofuna kukongoletsa chabe, koma kuti chipindacho chizindiuza chokha pamene pali vuto, monga chinkachitira galimotoyo ili yatsopano.

Achinyamata ena amaiona ngati chitsulo chongoyenera kugulitsa pa sikelo, koma 404 ili ndi mbiri yake m'misewu ya Africa. Inayamba kupangidwa mu 1960, maonekedwe ake anajambulidwa ndi a Pininfarina a ku Italy, ndipo inapambana mpikisano wa East African Safari m'zaka za 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991. Ya amalumeyi sinachite nawo mpikisano uliwonse, koma inanyamula mtedza, thonje ndi fodya kuchokera kumudzi kubwera kutauni, ndipo mwezi wa February inkadzaza anthu opita ku Nc'wala ku Mtenguleni. Injini yake ndi ya masilinda anayi, ya 1618cc, ndipo siinaime chilili koma inapendekeka madigiri 45. Kupendekekako kumachititsa kuti khoma la mbali imene yatsamira likhale losafikirika, choncho munthu wofuna kugwira ntchito yoona sangachitire mwina koma kuitulutsa injiniyo. Tinaitulutsa ndi tcheni chomangirira pa mitengo itatu ya bulugamu, pamodzi ndi giyabokosi.

Tisanamasule kanthu, ndinajambula zithunzi zambiri pa foni, ndipo waya aliyense ndinamumata kapepala kolemba kumene akupita. Mabawuti ndinawasunga m'mabotolo a chiponde, botolo lililonse ndi dzina lake. Imeneyi ndi ntchito ya tsiku limodzi imene inandipulumutsa kwambiri pa nthawi yobwezera.

Amene ananditsogolera ndi mmisiri wina wachikulire amene wakhala akuwongola ndi kupenta magalimoto kwa zaka zochuluka. Nditamuuza kuti ndikufuna kukagula penti woyera, poganiza kuti mtundu wa kunja ndiwo weniweni, anapukusa mutu. "Mwana wanga, musathamangire kusitolo," anatero, "kunjaku kwapentedwa kawiri kapena katatu, ndipo dzuwa lakudya. Tiyeni tifunefune pamene bulashi sinafike." Anamasula kachitsulo kogwira mawaya pa khoma la pafupi ndi batire, kamene kanamangidwa kufakitale penti atauma kale, ndipo pansi pake panaoneka kachigamba kosaposa bokosi la machesi. Anakapukuta ndi kansanza konyowa ndi palafini, kenaka n'kukapaka malovu ndi chala kuti kawale. Sikanali koyera mbee ngati ufa woyera, koma kopita kuchikasu pang'ono ngati mgaiwa, kosalala, kopanda mzere ngakhale umodzi wa bulashi. Tinapezanso mtundu womwewo pansi pa koyilo ndi kuseri kwa mota ya mawaipa. Ndinakhala nthawi ndithu ndikungoyang'ana kachigambako, podziwa kuti penti ameneyu anauma ine ndisanabadwe, ndipo amalume anamuona ndi maso awo tsiku limene anatsegula boneti iyi koyamba.

Ntchito imene inatenga nthawi yaitali kuposa zonse inali yotsuka. Fumbi lofiira la misewu yathu likasakanikirana ndi oyilo kwa zaka makumi angapo limauma n'kukhala ngati nkhoko za mumphika wa nsima, ndipo m'makona ena linakhuthala kuposa chala. Tinayamba kupala ndi kathabwa kosongola kuti tisakande chitsulo, kenaka palafini ndi bulashi yolimba, pomaliza madzi otentha ndi sopo, kubwereza katatu. Petulo sindinalole kuti agwiritsidwe ntchito, ngakhale ambiri amamukonda chifukwa amauma msanga, popeza mpweya wake umayenda pansi ndipo mbaula ya anansi kapena ndudu ya wodutsa ingathe kuyatsa moto. Lamulo limene mmisiri uja anaumirira ndi lakuti sandipepa asakhudze chitsulo mafuta asanathe. Munthu akafulumira kukwecha, amalowetsa mafutawo m'timizere ta sandipepa, ndipo amadzatulukira penti watsopano atapakidwa kale. Titatsuka m'pamene tinachotsa penti wakuda uja ndi mankhwala osungunula penti ndiponso bulashi ya waya, n'kukwecha ndi sandipepa wa nambala 80, kenaka 180.

Chitsulo chitaonekera, matenda enieni a galimotoyo anaonekeranso, ndipo anali m'malo atatu. Pansi pa batire asidi anali atadya mpaka kuboola. Tinathirapo madzi osungunuliramo soda wophikira, ndipo anachita thovu kwa nthawi ndithu, umboni wakuti asidiyo anali akadali ndi mphamvu. Pansi pa master cylinder, kampopi kamene kamakankha mafuta a mabuleki, penti yense anali atasupuka, chifukwa mafutawo (brake fluid) amasungunula penti ndipo amakokanso chinyezi, kotero chitsulo chimatsala pamtunda chili chonyowa. Malo achitatu anali kumunsi kwa galasi la kutsogolo, kumene masamba a mango ndi chisa cha makoswe zinatseka njira ya madzi a mvula. Pamene dzimbiri linali lapamwamba tinapakapo mankhwala okhala ndi phosphoric acid, amene amalisandutsa lakuda ndi lolimba. Pamene panabooka tinadula n'kuwotcherera chitsulo chatsopano. Ena anandilangiza kuti ndingomatapo filler, phala lomatira m'maenje a thupi la galimoto, koma filler si chitsulo, ndipo sanganyamule kulemera kwa batire pa mabampu a msewu wa kumudzi.

Kudulako kunandipatsa mwayi umene sindinauyembekezere, chifukwa chidutswa chimene tinachotsa pafupi ndi batire chinali ndi kachigamba kaja kumtunda kwake. Ndinachikulunga m'nsalu n'kukwera nacho basi ya ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550 pa Great East Road, kukafuna osakaniza penti. Msakanizo woyamba unkaoneka wofanana pansi pa magetsi a m'sitolo, koma nditatuluka nawo padzuwa unali woyera mopitirira. Wachiwiri unapitirira chikasu. Wachitatu ndiwo unagwirizana, ndipo ndinadikira kuti kapepala koyeserako kaume ndisanavomere, pakuti penti wamadzi ndi wouma saoneka chimodzimodzi. Ndinasankha penti wamakono wa 2K, wosakaniza ndi hardener, mankhwala omuumitsa ndi kumulimbitsa. Ndikudziwa kuti okonda zakale ena sangagwirizane nane, popeza penti wotereyu si amene anapakidwa mu 1973, koma galimoto iyi idzayenda ndi kugwira ntchito, ndipo 2K amapirira petulo, oyilo ndi kutentha kuposa penti wa masiku amenewo. Chimene ndinakana kusintha ndi mtundu.

Panali chinthu china chimene tinasiyana maganizo ndi mnyamata wothandiza mmisiri uja. Iye ankafuna kusalaza makoma onse ndi filler kuti timaenje ta spot welding, timadontho totsala pamene zitsulo zinawotchereredwa, tisaoneke, kenaka n'kuwalitsa ngati kalilole. Ndinamupempha kuti atisiye. Timaenje timeneto ndi mmene fakitale inalumikizira zitsulo, ndipo chipinda cha injini cha vaneti yonyamula katundu sichinakhalepo chosalala ngati chitseko. Kuchikongoletsa kuposa mmene chinalili ndi kunama kwa mtundu wina, kosasiyana kwenikweni ndi kwa amene anapaka penti wakuda. Tinangobwezera seam sealer, phala lotseka mipata kuti madzi asalowe, m'malo olumikizana zitsulo, pamene wakale anali atang'ambika.

Nthawi yopopera tinaisankha mosamala. Mwezi wa July mvula kulibe, ndipo mphepo ya fumbi ya August imakhala isanayambe, koma m'mawa kumazizira, choncho tinkadikira mpaka cha m'ma 10 koloko kuti chitsulo chifunde ndi mame aume. Tinatchinga shedi ndi mapulasitiki, n'kuwaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke. Tinayamba ndi epoxy primer, penti woyamba woteteza ku dzimbiri, pa chitsulo chosapakidwa kanthu, ndipo atauma tinakwecha mopepuka ndi sandipepa wa nambala 400. Tsiku lopaka mtundu weniweni linatikhumudwitsa. Patangopita mphindi zochepa, pa khoma la kumbuyo panatuluka timabowo tozungulira tambirimbiri, tonga maso a nsomba. Titatsegula kampopi ka pansi pa thanki ya kompuresa, panatuluka madzi osakanikirana ndi oyilo okwana pafupifupi kapu. Tinali titasamala chitsulo kwa masabata atatu, koma mpweya wopoperawo sitinauganizire. Tinadikira masiku awiri, tinakwecha ndi nambala 600, tinaika sefa yogwira madzi pa paipi, ndipo ulendo wachiwiri makoti awiri anagona bwino lomwe.

Pano ndiyenera kunena mawu amodzi okhudza thanzi, chifukwa zimene ndimaona m'magalaji ambiri zimandidetsa nkhawa. Hardener wa 2K ali ndi mankhwala otchedwa isocyanates, amene amawononga mapapo ndipo angayambitse mphumu yosatha. Anyamata ambiri amapopera atangomanga kansalu pamphuno, kenaka amamwa mkaka pokhulupirira kuti utsuka m'chifuwa. Mkaka umapita m'mimba, sufika m'mapapo. Ndinagula chophimba kumaso chokhala ndi masefa oyenera cha munthu wopoperayo, tinasiya mpata wotulukira mpweya, ndipo wina aliyense, kuphatikizapo ana anga, anakhala kutali mpaka fungo litatha.

Kubwezera mitundu yoyambirira sikutanthauza kupaka chilichonse mtundu umodzi. Chiwiya chilichonse tinachitsuka mpaka chitasonyeza mmene chinalili. Chigoba cha sefa ya mpweya ndi zogwirira zina zinali zakuda mosawala kwambiri, ndipo tinazibwezera motero. Rediyeta inalandira penti wochepa kwambiri, chifukwa wokhuthala amatseka timipata todutsa mphepo. Mutu wa injini, umene ndi wa aluminiyamu, tinangoutsuka osaupaka kanthu, chimodzimodzinso kabuleta ya Solex. Manifold, paipi yotulutsira utsi mu injini, inafuna penti wopirira moto. Kachitsulo ka nambala ndinakatsuka ndekha ndi nsalu yofewa ndi thinner (mankhwala osungunulira penti) pang'ono, osayandikiza sandipepa, popeza nambala imeneyo ndi imene a RTSA, bungwe la boma la Zambia loona za pamsewu, amaiyang'ana poyeza galimoto. Pamalo pomangirira mawaya a earth, olumikiza magetsi ku thupi la galimoto, tinapala penti kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo chinzake, n'kupakapo girisi pang'ono. Ambiri amaiwala zimenezi, ndipo amadabwa sitata ikangoti kha osatembenuza injini.

Injini inabwerera m'malo mwake kumapeto kwa August, titafunditsa makoma ndi mabulangete akale kuti isakande. Loweruka lotsatira amayi anga, mlongo wawo wa amalume, anabwera kuchokera kumudzi. Sadziwa kanthu za injini, koma nditatsegula boneti anagwira m'mphepete mwa khomalo ndi dzanja n'kunena kuti, "Mwananga, ndi mmene inkaonekera achimwene atangobwera nayo. Tonse tinasonkhana kudzaona, ndipo agogo ako anaseka kuti mkati muli ngati mbale yatsopano." Anakhala chete kanthawi, kenaka anandifunsa ngati idzathe kufika nawo ku Mkaika ku Kulamba chaka chamawa.

Patapita sabata imodzi galimotoyo ikuyenda, ndinatsegula boneti m'mawa ndipo ndinaona kadontho kamodzi pa chitsulo choyeracho, pansi penipeni pa master cylinder. Ndinakatsuka nthawi yomweyo ndi madzi ambiri kasanalowe m'penti, ndipo nditatsatira kumene kachokera ndinapeza kuti labala ya kumbuyo kwa master cylinder yatha. Ndaitanitsa ina ku Lusaka, ndipo mpaka ifike vanetiyo yaima pa shedi, ndi kansanza koyala pansi pa malo odonthawo.