Ulusi achotsa dzulo, zikomo

Ulusi umene anandisoka nawo m'kamwa achotsa dzulo. Ndafika kuno ku Nkhotakota usiku msana uli wowawa ndi ulendo wa ku Lilongwe, koma ndati dzuwa lisalowenso ndisanathokoze.

Za ngozi yanga ya kabaza ija mukuzidziwa kale. Dzino lakutsogolo linathyokera m'kati, muzu anazula, ndipo teremu yonse ndaphunzitsa dzanja lili pakamwa, ana akuseka chigweru cha madamu. Masiku 10 apitawo adokotala anang'amba usinini, n'kuboola fupa la nsagwada, n'kuikamo kachitsulo ka titanium kamene amati implant. Pochita sindinamve kupweteka, anabaya jakisoni wa dzanzi. Dzanzilo litatha, mayo ine!

Alamu anga, inu. Ndiyambire pati?

Achimwene anu atakanika kupeza tchuthi ku Dwangwa, munasiya geni yanu ya mpunga n'kundiperekeza. Pepala la malangizo ndinapatsidwa ndine, koma analoweza ndinu. Kuluma thonje mpaka magazi atasiya, osalavula, osachukucha m'kamwa tsiku loyamba kuti magazi oundana pabala asachoke, osamwera pa kapaipi. Ine mutu unali utazungulira, ndimangogwedeza. Pobwerera tsaya litayamba kufufuma, munatsika pa Kamuzu Road ku Salima n'kugula mafilizesi asanu, kuwakulunga pa chitenje chanu, n'kumandigunditsa patsaya mphindi 20, kupumitsa, kugunditsanso. Kondakitala amvekere, mayi mafiliziwo ngakumwa. Simunamuyankhe n'komwe.

Tsiku lachitatu ndinalira, ndisanene bodza. Mlomo unatupa mpaka kufika pamphuno, nditadziona pagalasi ndinati basi, chitsulochi chandikana, ndalama zapita pamadzi. Inu munangotenga pepala lija n'kundilozera pamene analemba kuti kutupa kumakula tsiku lachiwiri ndi lachitatu kenako kumaphwa. Kunaphwadi. Munandisanjikizira mapilo kuti mutu ugone pamwamba. Amoxicillin, nthawi yake ikakwana munali mutaima kale pakhomo ndi kapu yamadzi, ndipo nditati ndapeza bwino ndisiye, munandiyang'ana diso lija mumayang'anira ana. Ndinamaliza onse.

Kudya ndiye kunali nkhondo. Ine mwana wa kunyanja, sabata yathunthu osakhudza kondowole, osatafuna usipa wouma. Phala la mpunga lozizira kale, mapeyala, nthochi zokanya, mazira, chambiko. Tsiku lina munakhala pamkeka ola lathunthu mukutola minga ya chambo umodziumodzi, kenako n'kuphwanya mnofu mu msuzi kuti ndingomeza. Ndimakuonerani pazenera. Mayi anga okha ndiwo anandichitirapo zimenezi, ndili mwana. Ukadya, madzi ofunda a mchere, kuvumata pang'onopang'ono, kenako kungotsegula pakamwa kuti atuluke okha. Mswachi munandigulira wofewa uja wa ana, n'kumandikumbutsa kuti mano enawo nditsuke ndithu koma pabala ndipalambalale.

Amayi a mvano, zikomo pondipempherera ndi pa nkhuni zija. Aphunzitsi anzanga amene munagawana makalasi anga, anzanga a banki m'khonde amene munandikongoza osandifunsa mafunso ambiri, bambo a kunyumba amene foni yawo sinkagona, Mulungu akudalitseni. Ambuye Yesu, munandiona pampando uja ndikunjenjemera, zikomo.

Ena aja munkati ndalama zonsezo dzino limodzi, ungoika la pulasitiki lovula usiku, mwinanso mumanena zoona, thumba ndi langa lomwe labooka. Chinandiwawa n'choti munali ndi nthawi yowerengera ndalama zanga, koma yoti mufunse kuti wadzuka bwanji inasowa. Wina anabwera tsiku lachinayi kudzangoona mmene nkhope yakhalira, madzi osamwa, n'kumapita. Takuonani.

Ofunsa kuti tione dzinolo, dikirani kaye. Padakali kachitsulo kokha, kobisika mu usinini. Fupa liyenera kumera mokagwira zolimba, ndipo zimenezi zimatenga miyezi 3 mpaka 6, ndiye pamwamba pake adzamangirire dzino looneka ngati enawa. Mpaka nthawi imeneyo kutsogoloku sindilumira kanthu. Mzimbe ayi, chimanga chootcha ayi, mango azichita kundidulira ngati nkhalamba. Adokotala dzulo anati bala lapola bwino, palibe mafinya, ndipo ndikaona kutupa kukubwerera, kutentha thupi kapena mlomo ukuchita dzanzi losatha ndisadikire tsiku la sikelo, ndiimbe foni. Ndati sikelo? Mwaona, mutu sunabwerere.

Alamu, mwapita m'mawa uno osandidzutsa. Ndapeza phala lili pambaula, mchere muli mutayeza kale m'kapu. Chitenje chanu cha mafilizesi chija ndachapa kawiri, utoto wofiira sukuchoka. Musachifunse, ndikugulirani china malipiro akatuluka.