Kayaki ya Makilogalamu 120 ndi Mwini Wake wa Makilogalamu 118

Adokotala atandiyeza kuthamanga kwa magazi, anayang'ana sikelo imene inali itaima pa makilogalamu 118, kenaka anandiuza mwaulemu kuti ndipeze masewera olimbitsa thupi amene ndingawakonde. Ndinalingalira zothamanga, koma aliyense wodziwa zitunda za mu Mzuzu ndi chisanu chake cha m'mawa angamvetse chifukwa chake maganizowo sanakhalitse. Za njinga sindinafune n'komwe kuzimva, popeza anyamata a kabaza a ku Chibavi akandiona ndikubwera amayamba onse kupopa matayala amene alibe vuto lililonse. Ndinkafuna masewera ochita munthu atakhala pansi, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti kuwedza nsomba pa kayaki, kabwato kopepuka kopalasa ndi nkhafi, ndiwo masewera amene amalemekeza munthu wa thupi langa, chifukwa manja amapalasa, mtima umagwira ntchito, thupi lonse lili phee pampando, ndipo madzulo pakhomo pamakhala ndiwo.

Nyanja sitili nayo kutali, pakuti kuchoka mu Mzuzu kutsetsereka mpaka ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50, komanso mlamu wanga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, kwawo ndi komweko. Ndinayamba ndamufunsa ngati sikungakhale kwanzeru kungogula bwato la asodzi. Anandifotokozera kuti bwato losemedwa ku mtengo umodzi lili ndi kukamwa kopapatiza, moti wopalasa salowamo, amakhala pamwamba pa milomo yake miyendo yokha ili m'kati, ndipo luso limeneli munthu amaliphunzira asanayambe sukulu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Komanso alamu, mtengo wosemera bwato lanu sunadzalidwe."

Choncho ndinatembenukira ku intaneti, ndipo ndinawerenga mpaka ndinakhala katswiri wosanyowapo. Ndinadziwa kuti makayaki alipo a mitundu iwiri ikuluikulu, ena okhala m'kati, amene munthu amalowetsa miyendo pa chibowo mpaka m'chiuno, ndi ena okhala pamwamba, amene ndi otsekeka ponseponse ndipo mpando wake uli poyera. Ndinadziwa kuti opangidwira usodzi ambiri ndi okhala pamwamba, m'lifupi mwake masentimita 80 kapena 90, m'litali mamita atatu ndi theka kapena anayi, ndipo amanyamula makilogalamu 180 kupita m'tsogolo. Vuto linali mtengo wake. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chinthu chilichonse chochokera ku South Africa chimafika kuno chitakwera mtengo kawiri, koyamba m'sitolo ndipo kachiwiri pamsewu, ndipo nditawerengera zonse ndinaona kuti kayaki yatsopano ikufuna kupikisana ndi fizi ya ana.

Mwayi unabwera kudzera pa Facebook, pamene bambo wina wa ku Katoto, amene kale ankayendetsa malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, analengeza kuti akugulitsa kayaki imodzi imene inamutsalira. Ndinapita nditavala suti, pochokera kuntchito. Inali yofiira, yaitali mamita pafupifupi asanu, yosongoka kutsogolo ndi kumbuyo, yokongola moti ndinaiwala zonse za m'lifupi. Inali ya mtundu wokhala m'kati, ndipo nditaiyeza pambuyo pake ndinapeza kuti m'lifupi mwake munali masentimita 58. Pafupi ndi chibowo cholowerapo panali pepala lomata lolembedwa kuti imanyamula makilogalamu 120. Ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo mu ntchito yathu buku likatsala ndi chenje, ngakhale chochepa bwanji, timati layenda bwino. Kuchotsa 118 mu 120 kunatsala makilogalamu awiri, amene ndinawasungira nsomba.

Wogulitsayo anayang'ana mimba yanga, nayang'ana chibowo chija, nayang'ananso mimba, kenaka anafunsa ndi mawu otsika, "Bwana, mukugulira mwana?" Nditamuuza kuti ndi yanga, anandipempha kuti ndiyese kukhalamo pakapinga pomwepo. Ndinakana chifukwa kunali kukuwaza kamvula kathu ka mu Mzuzu, ndipo suti inali yochapitsa kumene. Anayesa kundiuza kuti nambala yolembedwayo imatanthauza katundu yense pamodzi, munthu, nkhafi, madzi akumwa, bokosi la nsomba ndi zovala zomwe, ndipo kuti odziwa amasiya gawo limodzi la magawo anayi kapena atatu la nambalayo losagwiritsidwa ntchito, kuti chombo chiziyandama bwino pa mafunde. Zimenezi ndinali nditaziwerengapo kale, koma ndinkaziona kuti ndi nzeru za amalonda zofuna kuti anthu azigula zazikulu, ndipo ndinadabwa kuzimva kwa munthu amene analibe yaikulu yoti andigulitse. Analandira ndalama ndi nkhope ya chisoni.

Loweruka tinaimangirira pamwamba pa galimoto ya mlamu wanga, mphuno yake itapitirira kutsogolo ndi mchira kumbuyo, ndipo tinatsika kudutsa pa Mpamba kukali mbandakucha kuti tikafike mwera usanadzuke. Pagombe la Chikale madzi anali bata. Ndinatsitsa katundu wanga, amene anali mbedza ndi chingwe chake, kachitini ka nyongolotsi, bokosi losungira nsomba lokhala ndi ayezi, fulasiki ya tiyi, mbatata zophika ndi mwala womangirira chingwe woti ukhale nangula. Jekete yoyandamitsa imene inabwera ndi kayakiyo inakana kukumana pachifuwa, pakuti majekete amenewa amayendera kukula kwa chifuwa ndipo mwini wake woyamba ayenera kuti anali munthu wosadya nsima, motero mlamu wanga anaimanga kutsogolo ndi linya.

Kulowa kunayamba bwino. Mapazi analowa, mawondo analowa atakambirana pang'ono, ntchafu zinalowa monyinyirika, koma pofika m'chiuno ntchito inaima. Ndinakhala lende, manja atagwira m'mbali, thupi lili theka m'kati theka kunja, ndipo ana amene ankasambira chapafupi anatuluka m'madzi n'kudzaima mozungulira mwakachetechete. Mlamu wanga anati tibwerere, koma ndinamukumbutsa kuti pulasitiki imatamuka, ndipo ndinamulamula kuti andikanikize mapewa. Anakanikiza koyamba mwaulemu, kenaka ndi mphamvu zake zonse, ndipo panamveka kuti "fwo!" Ndinakhala pampando nditatsekera chibowo chonse ngati chitsononkho chotsekera chigubu cha palafini. Ana aja anawomba m'manja, ndipo ine ndinawagwedezera mutu mwaulemu.

Atandikankhira m'madzi ndinazindikira kuti nyanja yayandikira kwambiri, chifukwa pakati pa madzi ndi mlomo wa chibowo panali mpata wa zala zitatu zokha, ndipo mchira wa kayaki unali utamira. Chombo chopapatiza chimadalira kuti kulemera kwa munthu kukhale pansi, pamene ine kulemera kwanga kwambiri kuli kuyambira pamchombo kupita m'mwamba, motero ndikapuma mpweya chinkapendekera kumanja, ndikautulutsa chinkapendekera kumanzere. Ndinapalasa pang'onopang'ono, khosi lili chilili, maso ali patsogolo, ndipo kwa kanthawi ndinamva kukoma kumene anthu a pa intaneti aja ankanena. Kumpoto kuno nyanjayi imazama mpaka mamita pafupifupi 700, koma mwa chisomo ine ndinali ndisanachoke pamene madzi amalekeza m'chiuno pamene ndinaganiza zoyamba kuwedza. Kachitini ka nyongolotsi kanali kumbuyo kwanga. Ndinatembenuka kuti ndikatenge, ndipo thambo linapita pansi, mchenga unabwera pamwamba.

Mabuku amati kayaki yokhala m'kati ikagubuduzika, munthu aweramire kutsogolo, agwire m'mbali mwa chibowo, adzikankhe, ndipo amatuluka mosavuta. Ndinawerama, ndinagwira, ndinadzikankha, koma ine ndi kayaki tinali titasanduka chinthu chimodzi. Ndinatsamira dzanja pamchenga n'kutulutsa mutu chammbali, ndinapuma, ndinaitana mlamu wanga ndi dzina lake lenileni limene sindinalitchulepo chikwatirireni mlongo wake, kenaka ndinabwereranso pansi. Asodzi amene ankakonza maukonde awo anathamangira m'madzi, anatitembenuza tonse awiri, ndipo poona kuti sitikulekana anatikokera kumtunda momwemo, ine ndili khale pampando, mbatata zikuyandama pambuyo pathu.

Pamchenga panakhala msonkhano. Amayi amene ankatsuka mapoto anasiya ntchito, ogulitsa usipa anabwera ndi mabeseni awo pamutu, ndipo aliyense anali ndi maganizo. Anyamata awiri anandigwira m'khwapa n'kukoka, anzawo atagwira mchira wa kayaki, koma chimene chinatuluka ndi mawu okha amene sindinkadziwa kuti ndimatha kuwatulutsa. Wina anati abweretse sowo, ndipo ndinafunsa msanga kuti akufuna kucheka chiyani. Mayi wina anapereka sopo wake, amene anathera m'chiuno mwanga osaphula kanthu. Zokambirana zambiri zinkachitika m'Chitonga, ndipo mlamu wanga, amene ndinamupempha kuti azinditanthauzira, ankangoti, "Akukufunirani zabwino, alamu," misozi ili mbwembwembwe chifukwa cha kuseka.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi mkulu wina wa imvi, msodzi wopuma, amene anayenda mozungulira kayaki manja ali kumbuyo, nagwada, nalowetsa chala pakati pa ine ndi pulasitiki. Anapeza kuti lamba wanga, mulu wa makiyi ndi chikwama cha m'thumba lakumbuyo zinali zitakola kunsi kwa mlomo wa chibowo. Anatuma mwana kwa mnyamata wa chiwaya kuti akatenge mafuta okazingira tchipisi amene anali atazizira, anawathira mozungulira chiuno changa mosamala, kenaka anati, "Ada, masulani lamba ndi batani, mukweze manja, mutulutse mpweya wonse, ndipo za thalauza muziiwale." Anaigoneka kayaki chammbali, anthu anayi anakoka, ndipo ndinatuluka bwinobwino, koma thalauza linatsala m'kati monga mwa mawu a mkuluyo. Mayi wa sopo uja anayang'ana kumbali n'kundipatsira chitenje chake cha kwaya ya amayi, chimene ndinachimanga m'chiuno mwaulemu wonse umene unatsala. Agalu awiri a pagombepo, atamva fungo la tchipisi, anayamba kundilondola kulikonse kumene ndinkapita.

Mnyamata wina amene amaperekeza alendo panyanja anandimvera chisoni, ndipo anakoka kayaki yake yokhala pamwamba, ya anthu awiri, yotakata masentimita oposa 80, imene anati imanyamula makilogalamu oposa 200. Anasuntha mpando n'kuuika pakati, ndipo anandiuza kuti ndingokhalapo. Ndinakhala, ndipo palibe chimene chinachitika, zimene zinakhumudwitsa ana aja kwambiri. Anandionetsa timabowo ta pansi timene timatulutsa madzi a mafunde, nati timeneti ndito timanena zoona za kulemera kwa munthu, chifukwa katundu akachuluka madzi amayamba kukwera kudzera momwemo mpaka wokwerayo amakhala m'chithaphwi. Kwa ine anangonyowetsa zidendene. Anandipatsa nkhafi yaitali masentimita 250, pakuti pa chombo chotakata nkhafi yaifupi imagunda m'mbali, ndipo anandichenjeza kuti mpando wokwera umapumitsa mawondo koma umawonjezera kupendama. Anati munthu wa thupi langa asagule chombo chimene sanakhalepo pamadzi, ndipo asanapite kozama ayambe waphunzira kukweranso akagwa, pamalo osaya, atavala jekete yomukwana. Ndinapalasa mozungulira pafupi ndi gombe, chitenje chikuuluzika, ndipo ndinatembenuka dala kuyang'ana kumbuyo kuti ndione ngati thambo lisunthenso, koma linakhala pamalo pake. Phunziro la kugwa ndi kukweranso ndinapempha kuti lidikire tsiku limene ndidzakhale ndi thalauza.

Tisananyamuke, asodzi amene anandivuula anandionetsa batala amene anali atagwira usiku, ndipo munthu amene wangokokedwa kumene m'madzi sanenerera mtengo. Ndinagula mulu wonse, ndinalipira mafuta a tchipisi ndi sopo, ndipo mlamu wanga anapachika nsombazo pagalasi la m'mbali mwa galimoto monga amachitira aliyense wochokera kunyanja. Tinalowa mu Chibavi dzuwa likupendeka, kayaki yofiira ili pamwamba, batala akulendewera pagalasi, ndipo aneba anatuluka m'nyumba zawo kudzaona. Ndinatsika msanga kulowera khomo lakuseri, koma mayi a kunyumba anandipeza pakhonde, anayang'ana chitenje, ananunkhiza mpweya, nafunsa kuti, "Bambo, mwalowa liti kwaya ya amayi, nanga amakudyetsani tchipisi?" Mlongo wawo anawafotokozera zonse, ndipo anawonjezerapo zina zimene sizinachitike.

Aneba okha ndiwo sanamve nkhani yonse, chifukwa anaona nsomba ndi chombo basi. Mbiri inafalikira kuti ndili ndi dzanja la usodzi, moti abusa a mpingo wathu anandiimitsa pakhomo la tchalitchi n'kundiuza kuti ulendo wotsatira ndiwasungire kampango wamkulu, ndipo amayi atatu a mumzere wathu anapereka kale ndalama za batala kwa mayi a kunyumba, amene anazilandira osanena kanthu. Kayaki yofiira ndaibwezera pa Facebook pa mtengo wotsikirapo, ndipo aliyense woimba foni ndimayamba ndamufunsa saizi ya thalauza lake.