Tinkakangana za nambala wani, mnyamata wake ali pa 62

Pa 7 July 2022, Kent Hughes, bwana woyang'anira zosankha osewera ku timu yathu, ataima pansanja mu bwalo la Bell Centre n'kutchula dzina la Juraj Slafkovsky, mtima wanga unangoti phwii. Ndinali nditatha miyezi ndikudikira dzina lina. Ndimasapota Montreal Canadiens, timu ya hockey ya pa ayezi, ndipo chaka chimenecho timu yathu inathera kunsonga kwenikweni kwa ligi ya NHL, kenako n'kupambana mayere oti ikhale yoyamba kusankha pa draft. Mwambowo unkachitikiranso pakhomo, mu Montreal momwemo. Kwa ine nkhani inali yothaitha: titenge Shane Wright.

Kwa inu amene simutsata hockey ya pa ayezi, draft ndi mwambo wa chaka ndi chaka pamene matimu 32 amasinthana kusankha anyamata amene angokwanitsa zaka 18. Pamakhala maraundi 7, ndipo matimu amene sanachite bwino ndiwo amayamba. Timu ikakutchula dzina, ndiye kuti ina siingakusainitse kwa zaka zingapo. Choncho ma scout, anthu ofufuzira matimu osewera aluso, amatha chaka chonse akuyenda m'mabwalo a ku Canada, America, Sweden, Finland ndi kwina, kuyesa kuona m'mwana wa zaka 17 munthu amene adzakhale akadzafika zaka 25.

Zifukwa zanga zinali zomveka, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi. Wright analoledwa kulowa ligi ya achinyamata ya OHL mu 2019 ali ndi zaka 15 zokha, mwayi umene amapatsidwa ana ochepa kwambiri. Sizoni yake yomaliza draft isanachitike anapeza mapointi 94 (kuphatikiza zigoli zake ndi zimene anapatsira anzake) m'masewero 63 ku timu yake ya Kingston. Ndi wosewera wapakati, malo amene Montreal yakhala ikuvutika nawo kwa zaka zambiri. Slafkovsky, ku TPS m'ligi ya ku Finland, anali ndi zigoli 5 zokha m'masewero 31. Ndinkafunsa kuti munthu ungasiye bwanji 94 n'kutola zimenezi?

Mnzanga wina amene timatsata naye timuyi sankamva zimenezo. Iye ankati ndikuyerekeza zinthu zosayerekezeka, chifukwa Wright ankasewera ndi ana anzake pomwe Slafkovsky ankalimbana ndi madoda a ndevu zawo. Ankandikumbutsa za Olimpiki ya ku Beijing, February chaka chomwecho, kumene mnyamatayo ali ndi zaka 17 anagoletsa zigoli 7, Slovakia n'kutenga mendulo ya bronze, iyeyo n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana pa mpikisano wonsewo. Ine ndinkati masabata awiri si sizoni. Iye ankati, "Aise, taona thupi limenelo, masentimita oposa 190, koma puck imamumvera." Tinapitirira choncho mpaka tsiku lija. Wright sanatengedwenso ngakhale pachiwiri kapena pachitatu: New Jersey inatenga Simon Nemec, Arizona inatenga Logan Cooley, ndipo iye anakagwera ku Seattle pa nambala 4.

Sizoni yoyamba ya Slafkovsky inandipatsa mphamvu. Zigoli 4 m'masewero 39, kenako kuvulala. Yachiwiri inapatsa mphamvu mnzanga: zigoli 20, mapointi 50, ndipo timu inamupatsa kontrakiti ya zaka 8. Aliyense wa ife ankatola chaka chomukomera n'kumati waonatu.

Koma chimene chandikhala pamtima si zimenezo. Ndi zimene zinachitika mawa lake, pa 8 July, anthu ambiri atasiya kale kuonera. Chakumapeto kwa raundi yachiwiri, pa nambala 62, Montreal inatchula Lane Hutson, wotchinga kumbuyo wa ku America. Ine ndi mnzanga sitinakanganepo ngakhale mphindi imodzi za mnyamata ameneyu. Luso lake silinali lobisika, aliyense amene anamuonera ankadziwa mmene amazembetsera puck, kamphira kophwatalala kamene amasewerera m'malo mwa mpira. Vuto linali msinkhu. Anali wamfupi ndiponso wopepuka, moti popita kukakumana ndi matimu draft isanachitike anatenga lipoti la dokotala losonyeza kuti mafupa ake sanamalize kukula. Taganizani, mwana kuyenda ndi pepala la kuchipatala kuti akuluakulu amukhulupirire kuti adzatalikako. Mu 2024-25, sizoni yake yoyamba yathunthu, anapeza mapointi 66, anapatsira anzake zigoli 60, n'kulandira Calder Trophy, mphoto ya wosewera watsopano wopambana m'ligi yonse.

Masapota anzanga amakonda kunena kuti ma scout athu anaona chimene matimu ena onse sanaone. Ine sindivomereza mpaka pamenepo. Montreal yomweyo inamudumpha katatu: inatenga Slafkovsky pa 1, Filip Mesar pa 26, Owen Beck pa 33. Akadadziwa kuti mnyamatayu adzakhala chimene ali lero, sakadayerekeza kumusiya mpaka 62. Anamukonda, inde, koma nawonso anali ndi mantha omwe aja.

Mantha oopa osewera aafupiwa ndi akalekale. Brayden Point anatengedwa pa 79 mu 2014, n'kudzathandiza Tampa Bay kutenga Stanley Cup, chikho cha akatswiri a NHL, kawiri. Alex DeBrincat anadikira mpaka 39 mu 2016. Cole Caufield anagoletsa zigoli 72 m'sizoni imodzi draft ya 2019 isanachitike, komabe matimu anamulambalala mpaka tinamutola pa 15. Ndipo amene akuphunzitsa Caufield ndi Hutson lero ndi Martin St. Louis, munthu wamfupi amene palibe timu inamusankha pa draft, koma mu 2004 anakhala wosewera wopambana m'ligi yonse n'kutenganso chikho. Mmene ndimaonera ine, scout akalakwitsa pa mnyamata wamtali bwana amamumvetsa, poti thupi aliyense analiona. Akalakwitsa pa wamfupi, amafunsidwa kuti unkaganiza chiyani. Ndiye pofuna kusunga ntchito, dzanja limathamangira kwa wamtali.

Sindikunyoza ntchito yawo ayi. Ine ndimaonera timavidiyo ta zigoli, iwo amakhala m'bwalo lozizira kuona chimene mwana amachita akaluza puck, mmene amabwerera kumbuyo, mmene amalankhulira ndi kochi timu ikugonja. Ndi maso otere amene scout Hakan Andersson anathandizira Detroit kupeza Pavel Datsyuk pa 171 mu 1998 ndi Henrik Zetterberg pa 210 chaka chotsatira, onse awiri n'kudzakhala akatswiri otchuka. Komanso maso a akatswiri omwewo, pafupifupi onse, anagwirizana kuti Nail Yakupov ndiye nambala wani wa 2012, ndipo pofika 2018 anali atachoka mu NHL.

Ichi n'chifukwa chake zimene zinachitika mu 2023 zinandipweteka. Ku Nashville, tili pa nambala 5, Matvei Michkov anali adakalipo, ndipo ambiri a ife tinkamufuna. Inenso ndinkamufuna. Matimu ankaopa kontrakiti yake ya ku SKA St. Petersburg, timu ya kwawo ku Russia, choncho Montreal inatenga David Reinbacher, wotchinga kumbuyo wa ku Austria amene ankasewera ku Kloten, timu ya ku Switzerland, Michkov n'kupita ku Philadelphia pa 7. Kukhumudwa kunalibe vuto. Koma anthu ena anatengera mkwiyo wawo kwa mnyamatayo pa intaneti, kumutukwana ngati anadzisankha yekha. Mwana wa zaka 18, pa tsiku limene banja lake lakhala likulota, kutsegula foni n'kupeza anthu ovala jezi yomwe wangovala kumene akumunyoza. Ambiri a iwo sindikhulupirira kuti anaonerapo masewero athunthu a Kloten ngakhale amodzi. Ngati pali wofunsidwa, ndi Hughes ndi anthu ake, amene amalipidwa kuti asankhe. Chaka chotsatira Reinbacher anavulala bondo sizoni isanayambe, ndipo ena anachita ngati akondwa kuti mawu awo apherezeka. Pamenepo ndinaona kuti ena mwa ife timakonda kupambana mkangano kuposa mmene timakondera timu.

Chiyambire nkhani ya Hutson, tsiku lachiwiri la draft ndimalionera mpaka kumapeto, ndipo mayina a raundi yachitatu ndi yachinayi ndimawalemba m'kope. Mnzanga uja sanasinthe maganizo pa nkhani ya thupi. Washington itatitulutsa m'ma playoff a 2025 (mpikisano wochotsana wolimbirana chikho) m'masewero 5, anandiimbira foni kundikumbutsa mmene Tom Wilson wa Washington ankagundira anyamata athu, n'kuwonjeza kuti Florida yatenga chikho ndi anthu olemera, osaopa kugundana. Patapita masabata, Florida inatenganso. Ndinamuyankha kuti popanda Hutson ndi Caufield sitikadafika n'komwe m'ma playoff amenewo. Iye anati zonsezo ndi zoona, koma draft ikubwerayi akufuna wina wamtali woti azikawateteza. Ine ndinati tione kaye amene adzatsale pa raundi yachiwiri.