Ofuna kulowa usilikali, samalani msongolo

Achinyamata ambiri amavulala m'masabata oyambirira a maphunziro a usilikali. Thupi lozolowera kukhala limayamba mwadzidzidzi kuthamanga tsiku lililonse, chikwama cholemera kumsana, majombo atsopano kuphazi. Minofu imakhwima msanga koma fupa limachedwa, ndiye msongolo kapena mafupa a phazi amachita ming'alu. Osuta fodya, amene anabinyapo kakolo osachira bwino, ndiponso atsikana amene msambo wasiya chifukwa chodya mopereweza, ngozi yawo ndi yaikulu.

Yambani kuthamanga kutatsala miyezi 3, mtunda muziwonjezera osapitirira 10 peresenti pa sabata. Mukadina msongolo ndi chala n'kumva ululu pamalo amodzi, chonde musabise poopa kubwezedwa kwanu. Kaonaneni ndi adokotala fupalo lisanathyokeretu.