Lupanga limene ndinalikwecha ngati poto

Kwathu chitsulo chikada timachikwecha. Mayi anga sankalola poto wamwaye kugona m'nyumba: phulusa, mchenga, timadzi pang'ono, mpaka udzione nkhope. Ndiye nditagula lupanga langa loyamba pamsika wa zinthu zakale kuno ku Leeds, ndinangofikira kutenga sandipepa n'kukhala pansi. Madzulo onse ndinathera pomwepo. Litawala ndinalikulunga m'nsalu, ndipo Loweruka ndinapita nalo monyadira kwa anzanga osonkhanitsa malupanga ndi mipeni, amene timakumana kamodzi pa mwezi.

Mdala wina amene wakhala akusonkhanitsa kuyambira ine ndisanabadwe analisolola m'chimake, kulitembenuza uku ndi uku, kenaka n'kundipatsa galasi lokulitsira zinthu. Anangofunsa kuti, "Zolemba zinali apazi mwazipititsa kuti?"

Ndinalibe poyankha. Lupangalo ndi la mtundu wa 1897, limene maofesala a asilikali oyenda pansi a ku Britain amanyamulabe paperete mpaka lero. Maluwa ndi zilembo za pachitsulo chake sazokota mozama ayi, amazidyetsa ndi asidi, motero zimangokhala pamwamba. Dzina la wopanga limakhala m'munsi, pafupi ndi chigwiriro, ndipo ine ndi pomwe ndinalimbikira kwambiri poti ndi pomwe panada kwambiri. Chimene chinapulumuka ndi chizindikiro cha mfumu pa chotchingira dzanja, GR ndi V. Ameneyo ndi George V, amene analamulira kuyambira 1910 mpaka 1936. Zaka 26 zimenezo ndiye zonse zimene lupanga langa lingandiuze tsopano.

Tsiku lomwelo mdalayo anandionetsa lake la Wilkinson kuti ndione chimene ndinadzimana. Kampani imeneyi inayamba kudinda manambala pamsana pa malupanga ake mu 1844, ndipo mabuku ake a malonda akadalipo ngakhale inasiya kupanga malupanga mu 2005. Ukakhala ndi nambala, nthawi zambiri umapeza chaka, mwinanso dzina la ofesala amene analigula. Anandichenjezanso za kabatani kamkuwa kokhala pakati pa nyenyezi ya nsonga 6, m'munsi mwa chitsulo pafupi ndi chigwiriro. Ambiri ongoyamba akakaona amathamangira kunena kuti ndi Wilkinson, chonsecho opanga ena ambiri anatengera kalembedweko. Ka Wilkinson kenikeni kamakhala ndi zilembo HW, za Henry Wilkinson.

Phunziro limene linandivuta kulimeza ndi la dzimbiri, poti likutsutsana ndi mmene ndinakulira. Dzimbiri lofiira ndi lamoyo, likudya chitsulo, ndipo liyenera kuchotsedwa, koma mwaulemu: mafuta, kansalu, kuleza mtima. Kuda kuja kosalala, kumene ine ndinkakuona ngati uve, n'kokhazikika ndipo sikuononga kanthu. Ukatha umapaka Renaissance Wax, phula limene linapangidwira ku British Museum, ndipo chitsulocho suchigwiranso ndi zala zathukuta. Mpaka pano dzanja limandiyabwa ndikaona lupanga lakuda, ndisaname.

Miyezi yotsatira ndinaphunzira kusiyanitsa lupanga lokhota la 1796, la asilikali apakavalo, ndi la ku Prussia (ufumu wakale wa ku Germany) la 1811 limene amalitcha Blücher. Loyambalo analikonza John Le Marchant, amene anafera kunkhondo ya ku Salamanca mu 1812, mogwirizana ndi Henry Osborn wa ku Birmingham. A ku Prussia anangolikopera. Pachithunzi ndi mapasa. M'manja si choncho: la Blücher n'lojintcha ndi lolemera, pomwe la 1796 limapyapyala kulowera kunsonga, moti limamveka lopepuka kuposa mmene likuonekera. Ndinapita kangapo ku Royal Armouries, nyumba yosungira zida zakale ya kuno ku Leeds, kukayang'ana m'magalasi, koma ndinazimvetsa pokhapokha anzanga atandigwiritsa onse awiri, lina kumanja lina kumanzere. Abodza opangidwa dzulodzuloli amagwidwira pomwepa, chifukwa chitsulo chake chimakhala chokhuthala chimodzimodzi kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga, ngati chikwanje.

Za malamulo ndinangozilemba m'kope. Kuyambira 2008 kuno saloleza kugulitsa malupanga okhota a chitsulo chotalika masentimita 50 kapena kuposa, kupatula akale ndi osulidwa pamanja mwachikale.

Mwezi watha anati aliyense abweretse mpeni. Ena anabwera ndi a ku Sheffield a zigwiriro zanyanga. Ine ndinatenga Okapi wa malemu bambo anga, amene ankasendera nzimbe, ndili ndi manyazi ndithu. Mdala uja anautsegula, anamvetsera kulira kwa loko yake, n'kundiuza kuti mipeniyi inayambira ku Solingen, ku Germany, mu 1902, ndipo inayamba kupangidwira ku South Africa mu 1988. Anatenga galasi lija n'kuyang'ana m'munsi mwa chitsulo, pamene panada bii ndi madzi a nzimbe a zaka zambirimbiri. Mawu oti Germany anali pomwepo, onse athunthu.