Mabuleki onse pa phazi limodzi? Ine ndimakana

Anthu okonda kusintha maonekedwe a njinga zamoto ali ndi matenda amodzi: safuna kuona kanthu pa mahandulo. Magalasi achotsa, mawaya abisa, mpaka chogwirira buleki yakutsogolo nacho chimayamba kuwanyansa. Akatero amafika pagalaja panga ndi chithunzi pafoni cha chopper ya ku America, njinga yosinthidwa ya mafoloko aatali, n'kumati, "Amisiri, tangolumikizani mabuleki onse ku chopondera chakuphazi, kumtundaku kukhale koyera."

Maganizo ake si atsopano, ndipo si opusa. Kampani ya Rudge ku England inkalumikiza kale mabuleki m'zaka za m'ma 1920. Moto Guzzi ya ku Italy inachitanso zimenezi pa 850 T3 mu 1975. Honda inabwera ndi njira yake yolumikizira mabuleki, yotchedwa Dual CBS, pa CBR1000F mu 1993. Lero mayiko a European Union, kuyambira 2016, ndi India, kuyambira 2019, amalamula kuti njinga zatsopano zosapitirira 125cc zikhale ndi mabuleki olumikizana kapena ABS, makina oletsa tayala kuuma ukagwira buleki mwamphamvu.

Chifukwa chake aliyense wokwera njinga amachimva m'thupi. Ukagwira buleki, kulemera konse kumathamangira kutsogolo, mafoloko amamira, tayala lakumbuyo n'kupepuka. Ntchito yaikulu yoimitsa njinga ili pa tayala lakutsogolo. Koma tafunsani anyamata a kabaza, ambiri akuuzani kuti buleki yakutsogolo imagwetsa. Galu akadumphira mumsewu amangoponda yakumbuyo, tayala n'kuuma, njinga n'kumakhwekhwereza chammbali osaima. Kwa munthu wotero, phazi likamagwirako pang'ono kutsogolo ndi chipulumutso ndithu.

Nanga ndimakaniranji? Tayang'anitsitsani Guzzi ija. Ili ndi madisiki awiri kutsogolo. Phazi limagwira disiki yakumbuyo pamodzi ndi yakutsogolo yakumanzere, pomwe yakumanja inasiyidwira dzanja, ili ndi master cylinder (kapampu kokankha mafuta a buleki) yakeyake ndi paipi yakeyake. Sanachotse chogwirira cha pa handulo. Mbali imodzi ikafa, inayo ikadalipo.

Zomwe amandipempha ine ndi zina. Amafuna master cylinder imodzi, kachitsulo ka T, mapaipi awiri, basi. Tsiku lina paipi yakhudzana ndi ekizosi yotentha, kapena kawasha kamkuwa ka pa banjo bolt (bawuti yomangira paipi ya buleki) kayamba kudontha, mafuta a buleki atha onse, kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi. Chopondera chimangomira mpaka pansi. Zikakuchitikira ukutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, chatsala ndi magiya ndi pemphero.

Ngakhale pasadonthe kanthu, masamu ake ndi ovuta. Master cylinder yakumbuyo inapangidwa kuti idyetse caliper (chitsulo chofinya disiki) imodzi. Ukaiwonjezera ina, mafuta omwe imakankha sakwanira, chopondera chimayenda mtunda wautali ndipo chimamveka ngati ukuponda siponji. Ukaika yaikulu kwambiri, chimalimba gwa koma mphamvu yofinya disiki imachepa. Kenako pafunika valavu yogawa mphamvu, kuti kumbuyo kusaume msanga, ndipo palibe buku lomwe lingakuuze poiimika, chifukwa njinga yosinthidwa ili yokha padziko. Chopper ya mafoloko aatali, yokhala ndi katayala kowonda ka mainchesi 21 kutsogolo, imalemera kumbuyo kuposa njinga wamba. Zomwe zagwira pa njinga ya mnzako sizigwira pa yako. Makampani amayesa zinthuzi ndi zipangizo zoyezera pa mabwalo awo. Ine ndili ndi kamsewu ka kuseri kwa galaja, komwenso kumadutsa mbuzi.

Palinso nkhani ya fumbi, yomwe zithunzi za pafoni zija sizionetsa. Pa mchenga, pa matope, kapena pokhota pang'onopang'ono pamalo opanikizika, umafuna buleki yakumbuyo yokha, yopondedwa mosamala. Ikakoka ndi kutsogolo komwe mahandulo ali okhota, tayala limatsetsereka, phewa lili pansi. Kunja kwa tauni phula limatha msanga.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sindimubweza: amene dzanja lake lamanja linavulala ndipo silingathe kufinya. Ameneyo ndimakhala naye pansi, chifukwa iye sakufuna kukongoletsa, akufuna kukweranso. Komabe ndimatsata njira ya Guzzi. Phazi ligwire kumbuyo ndi disiki imodzi yakutsogolo kudzera pa valavu, ndipo disiki inayo ndimaipatsa chogwirira chake kudzanja lamanzere, pafupi ndi kilatchi. Pa handuloyo pamadzaza, sipaoneka bwino, ndipo zala zimatenga nthawi kuti zizolowere.

Okongoletsawo ndimawauza kuti tingaike master cylinder yaing'ono yakuda, paipi tiidutsitse mobisika motsatira foloko, galasi likhale limodzi laling'ono. Ena amavomera. Ena amanyamula njinga yawo kukafuna mmisiri wina.